Mutu 11: Nyali za Galimoto Zakale m'Misewu ya ku Doha

Munthu amene atuluka mu mzinda wa Doha nalunjika kumadzulo, pa msewu wopita ku Dukhan kumene dziko la Qatar linayambira kutapa mafuta a pansi pa nthaka, akayandikira ku Al Shahaniya kumene ngamira zimachitira mpikisano wa liwiro, adzapeza pa munda wa Al Samriya nyumba yaikulu yamiyala yomangidwa ngati linga. Ndipo akalowamo, napyola zipinda za malupanga, makapeti ndi ngalawa zakale za asodzi a ngale, adzafika pamene pandandalikidwa galimoto zamakedzana mazana angapo, zimene Sheikh Faisal bin Qassim Al Thani anasonkhanitsa m'nyumba yosungiramo zakale imene inatsegulidwa m'chaka cha 1998. Alendo ambiri amachita chidwi ndi utoto wake ndi zitsulo zake zonyezimira, ndipo sindiwadzudzula, pakuti n'zokongoladi. Koma wofuna kudziwa mmene luso la anthu lakulira achita bwino kuyang'ana galimotozo kumaso, pamene pali nyali zake, chifukwa mbiri ya zaka zana limodzi yalembedwa pa magalasi ozungulirawo.

Galimoto za m'nyumba imeneyo zinalowa kale m'mpumulo wawo, ndipo nyali zawo sizifunsidwanso kanthu. Koma zilipo zinzake zimene zikali pa ntchito. Mu Doha muli anthu, eni dziko ndi alendo omwe, amene amasunga Land Cruiser kapena Nissan Patrol ya masiku a atate awo, Mercedes-Benz kapena Chevrolet ya zaka za m'ma 1970, naisamala monga mmene kwathu munthu asamalira ng'ombe ya pamtima; ndipo popeza m'chilimwe cha kumeneko kutentha kwa masana kumatha kupyola madigiri 45, galimoto zotere zimatuluka makamaka dzuwa litalowa, kukayenda m'mbali mwa nyanja pa Corniche kapena kukasonkhana ndi zinzake. Pamenepo ndiye mwini wake amazindikira chinthu chimene masana chinabisika, chakuti pakati pa galimoto zamakono zowala ngati mphezi, yake ikuoneka ngati munthu wonyamula koloboyi m'nyumba ya magetsi. Mtima wake umamuuza kuti m'mawa mwake athamangire ku Industrial Area, kumene kuli magalaja ndi masitolo a zitsulo za galimoto mizeremizere, akagule babu lowala koposa onse. Ine ndinena kuti aleze mtima, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nyali ya galimoto ili ndi maweruzo awiri: la maso a woyendetsa, ndi la maso a munthu amene akubwera kutsogolo kwake.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi kumene nyali zimenezi zinachokera. Galimoto zoyamba zinkayenda ndi nyali za mafuta ndi za mpweya wa kabaidi, zimene woyendetsa ankatsika n'kuziyatsa ndi machesi. M'chaka cha 1912 kampani ya Cadillac ya ku America inatulutsa galimoto yokhala ndi magetsi oyatsira nyali ndi olizira injini pamodzi, ntchito ya Charles Kettering ndi anzake. Ndipo Ford Model T itayamba kukhala ndi nyali zamagetsi mu 1915, kuwala kwake kunkatsata injini, kotero kuti poyenda pang'onopang'ono pamalo oipa, pamene kuwala kunali kofunika koposa, m'pamenenso nyali zinkafooka. Mu 1924 ku Germany kunatuluka babu lotchedwa Bilux, lokhala ndi timawaya tiwiri m'galasi limodzi, kena ka kuwala kopita patali, kena ka kuwala kogwetsa pansi, ndipo kuyambira pamenepo woyendetsa anatha kuchita ndi babu limodzi zimene madalaivala akwathu amati kudima ndi kuika fulu. A ku America anasankha njira yawoyawo: kuyambira 1940 galimoto iliyonse yatsopano inayenera kukhala ndi nyali ziwiri zozungulira za mainchesi 7 za mtundu wa sealed beam, m'mene kawaya, mbale yonyezimira ndi galasi zinamatidwa kukhala chinthu chimodzi, chimene chikapsa chimatayidwa chonse. Mu 1957 analola nyali zinayi zocheperapo, ndipo lamulo la nyali zomata limeneli silinamasulidwe kufikira 1983. A ku Ulaya anali atapita kale patsogolo ndi mababu a halogen, loyamba la H1 mu 1962, ndi lotchuka la H4 mu 1971, chaka chomwecho chimene Qatar inalandira ufulu wake wodzilamulira. Nyali za xenon zinabwera ndi BMW mu 1991, ndipo za LED zinayamba kuoneka kutsogolo kwa galimoto za Lexus ndi Audi cha m'ma 2007 ndi 2008.

Pa zonsezi pali chinthu chimodzi chimene sichinasinthe, ndipo ndicho mutu wa nkhani yathu: ubwino wa nyali ya galimoto suli pa kuchuluka kwa kuwala kokha, koma pa kumene kuwalako kukuponyedwa. Mutatenga babu la H4 m'dzanja, osakhudza galasi lake ndi zala popeza mafuta a pakhungu amalifupikitsa moyo, mudzaona timawaya tiwiri topota, tochepa ngati njere ya mpunga, ndipo pansi pa kamodzi pali kachitsulo konga kasupuni. Kasupuni kameneka kamatchinga kuwala kumene kukanagunda theka la pansi la mbale n'kukwera m'mwamba, kotero kuti kuwala kotuluka kumadulidwa mzere woonekeratu, pansi pake powala, pamwamba pake pamdima. Ndipo mbali imodzi ya mzerewo imakwera pang'ono kuti iunikire m'mphepete mwa msewu, kumene kuli zikwangwani ndi anthu oyenda pansi. Mbale ndi galasi zinaumbidwa poyembekeza kuti kuwala kudzachokera pa kamalo kamodzi kameneko, osati pena. Gwero la kuwala likasuntha ngakhale ndi mamilimita awiri kapena atatu, mzere uja umasokonekera, ndipo kuwala kumene kunayenera kugwa pa phula kumakathera m'maso mwa mnzanu.

Tsono asanagule kanthu katsopano, mwini galimoto afunefune kaye kuwala kumene kunatayika, monga mayi asesa nyumba yonse pofuna ndalama yake, chifukwa kawirikawiri nyali yakale siinali yofooka chotere pa ubwana wake. M'galimoto zambiri zakale magetsi amachoka ku batire, nalowa m'chipinda cha woyendetsa, nadutsa pa swichi ya nyali ndi ya kudima, imene m'galimoto zina inali pansi poponda ndi phazi, nabwereranso kutsogolo kudzera m'mawaya oonda. Ndipo polumikiza paliponse pamene pachita dzimbiri pamatsala gawo la mphamvu. Doha ndi mzinda wa m'mbali mwa nyanja ya mchere, wa chinyezi chambiri m'miyezi yotentha, ndipo mchere, chinyezi ndi kutentha ndiwo adani atatu a waya: mkuwa umabiriwira, mphira wokutira umauma n'kung'aluka, ndipo pamene waya wa nyali wamangidwa ku thupi la galimoto kuti magetsi abwerere, pamadyeka mwakachetechete. Makaniko wodziwa ntchito yake sayamba ndi kumasula nyali. Amayamba waliza injini, nayatsa nyali, natenga kachipangizo koyezera magetsi, nagunditsa nsonga zake pa batire, kenaka kuseri kwa babu lenilenilo, nayerekeza manambala awiriwo. Kusiyana kwake kukafika volti imodzi, wapeza mbala. Pakuti babu la kawaya lili ndi khalidwe lakuti mphamvu ikachepa pang'ono kuwala kumachepa kwambiri: magetsi akatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuwala kumatsika ndi pafupifupi magawo 3 mwa magawo 10.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo, ndipo saononga maonekedwe a galimoto. Amaika tizipangizo tiwiri totchedwa relay pafupi ndi nyali, kena ka dimu kena ka fulu, natengera magetsi kuchokera ku batire mwachindunji ndi waya wonenepa wokhala ndi fyuzi yake. Swichi yakale ija imangotsala ndi ntchito yopepuka yotuma mawu, ndipo katundu wolemera wa maampu pafupifupi 10, umene mababu awiri a mawati 60 amafuna, sudutsanso pa iyo. Ichi chimatetezanso swichi imene mwina siipezekanso m'sitolo iliyonse pa dziko lapansi. Mwini galimoto ya dayinamo akumbukire kuti dayinamo imapereka magetsi ochepa injini ikamalira pansipansi, monga zimakhalira podikira pa maloboti a m'Doha, ndipo ambiri amaisinthanitsa ndi alternator, imene inayamba kufala m'galimoto kuyambira 1960. Wa galimoto ya mavolti 6, monga Volkswagen Beetle za zaka zoyambirira za m'ma 1960, ndi wa galimoto za ku Britain zimene mbali ya positive ya batire ndiyo inkamangidwa ku thupi la galimoto, ayenera kunena zimenezi poyera asanagule chilichonse, pakuti babu la kawaya silisankha mbali koma zipangizo zambiri zamakono zimasankha.

Akatha za mawaya ayang'ane mbale. Siliva wake akachita chikasu kapena mawanga, palibe babu lingamuombole, ndipo asayese kuipukuta ndi nsalu yokhakhala, chifukwa kunyezimira kwake n'kopyapyala koposa khungu la anyezi. Galasi nalo, ngati layenda zaka zambiri m'mphepo ya shamal imene imaulutsa mchenga wa m'chipululu, limadzala timabala ting'onoting'ono timene timamwaza kuwala. Apa ndi pamene lamulo lakale la ku America lija linasiyira zidzukulu cholowa, pakuti popeza nyali za mainchesi 7 zinali za muyeso umodzi m'galimoto zamitundumitundu, makampani odziwika monga Hella, Cibié ndi Koito anapanga nyali zathunthu za muyeso womwewo zolandira babu la H4, zimene zimalowa m'malo mwa sealed beam popanda kudula chitsulo kapena kuboola thupi la galimoto. Mwa njira zonse zowonjezera kuwala, iyi ndiyo ndimaivomereza ndi mtima wonse: nkhope ya galimoto imakhala monga inalili, kuwala kumakhala ndi mzere wake, ndipo tsiku limene mwini afuna kubwezera zakale atha kutero ndi sikuludalaiva imodzi.

Koma pogula awerenge zimene zalembedwa pa galasi, chifukwa safunsa anadya phula. Nyali yoyesedwa monga mwa malamulo a ku Ulaya, ochokera m'pangano limene maiko anachita ku Geneva mu 1958, ili ndi chilembo E m'kati mwa kabwalo pamodzi ndi nambala ya dziko limene linaivomereza: 1 ndi Germany, 2 ndi France, 11 ndi Britain. Ya ku America imalembedwa DOT kapena SAE. Pafupi ndi chilembo E pamatha kukhala kamuvi, ndipo kamuvi kameneka ndi nkhani yaikulu kwa ife. Ku Qatar galimoto zimayenda kudzanja lamanja la msewu, pamene kwathu ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique, ku South Africa, ku Britain ndi ku Japan zimayenda kumanzere. Nyali yopanda kamuvi inapangidwira maiko oyenda kumanja. Ya kamuvi ka mutu umodzi ndi ya maiko oyenda kumanzere. Ya kamuvi ka mitu iwiri itha kukonzedwa kutumikira mbali zonse. Munthu wa ku Doha amene aitanitsa nyali zokongola za Land Rover yake kuchokera ku Britain osaona kamuviko, adzakhala ataika m'galimoto yake chinthu chimene, ngakhale atadima, chimakweza kuwala kwake kumanzere, kumene kuli maso a onse obwera kutsogolo, n'kusiya m'mphepete mwa msewu muli mdima.

Tifike tsopano pa chiyeso chachikulu cha masiku ano, ndicho mababu a LED ogulitsidwa m'timabokosi tolembedwa manambala odabwitsa, amene wogulitsa amati amangolowa pamalo pa babu lakale. Kulowa amalowadi, ndipo munthu akaima kutsogolo kwa galimoto amaona kuwala koyera kobaya m'maso, nakhulupirira kuti wapindula. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kawaya ka babu lakale kamawala mbali zonse kuchokera pa kamalo kamodzi, pamene LED ndi timabwalo tafulati tomatidwa mbali ziwiri za kachitsulo, ndipo m'mababu otchipa timabwaloto sitikhala pamalo pamene mbale ikuyembekeza. Zotsatira zake n'zakuti pafupi ndi galimoto pamawala kwambiri, maso a woyendetsa amazolowera kuwala kwa pafupiko naleka kuona bwino patali, ndipo wobwera kutsogolo amathobwa m'maso. Malemba anachenjeza kale za vinyo watsopano ndi matumba akale, ndipo sindidziwa fanizo lina loyenera nkhaniyi kuposa limenelo. Kuyera kwa kuwala sikutanthauza kuchuluka kwake. Kuwala kopendekera ku mtundu wa buluu kumalasa maso koposa, makamaka a okalamba amene amachedwa kuyambanso kuona akathobwa, ndipo m'fumbi kapena m'chifunga cha m'mamawa cha miyezi yozizira ya ku Qatar, kuwala kulikonse kosokera m'mwamba kumabwerera kwa mwini wake ngati khoma loyera. A ku France, pa zifukwa zonga zomwezi, anakakamiza nyali zachikasu kuyambira m'zaka za m'ma 1930 kufikira 1993. Onjezani apo kuti LED imaopa kutentha, ndipo mababu ambiri otere amadalira kafani kakang'ono kumbuyo kwake, kamene fumbi la m'chipululu silikachitira chifundo.

Sindikunena kuti LED ndi yoipa mwa iyo yokha. Nyali yathunthu ya LED, imene gwero la kuwala, mbale ndi galasi zinapangidwira pamodzi ndi kuyesedwa pamodzi, ilipo ya mainchesi 7 ndipo imaunika bwino ndi magetsi ochepa, ngakhale kuti kwa ine imaipitsa nkhope ya galimoto yokalamba monga magalasi a anyamata pa nkhope ya gogo. Ndipo maiko ena ayamba kusiyanitsa mababu abwino ndi oipa. Ku Germany boma linavomereza babu loyamba la LED lolowa m'malo mwa halogen mu 2020, lopangidwa ndi Osram, koma linalivomereza pa mitundu yotchulidwa ya galimoto yokha, imene nyali zake zinayesedwa nalo. Ku Britain, mu 2021, oyesa galimoto analamulidwa kulepheretsa galimoto imene mwaikidwa babu la LED m'nyali ya halogen, ndipo patangopita miyezi yochepa anapatulapo galimoto zimene zinayamba kuyenda tsiku la 1 Epulo 1986 lisanafike, malinga kuwala kwake kukhale kolunjika bwino. Za mababu a mawati 100, amene ena amaika poganiza kuti aposa a mawati 60, mawu ndi ochepa: amapangidwira mipikisano ya kutchire, amatentha mawaya akale, ndipo malo awo si pa msewu wa anthu onse.

Ku Qatar nkhani zapamsewu zili m'manja mwa nthambi ya zapamsewu ya Unduna wa Zam'dziko, ndipo lamulo lalikulu ndi la nambala 19 la chaka cha 2007, limene mwa zina silimlola munthu kusintha mbali zofunika za galimoto yake popanda chilolezo. Chiphaso cha galimoto, chimene aliyense kumeneko amachitcha istimara, kawirikawiri chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo galimoto imene yapyola zaka zitatu iyenera kuyamba yakaonekera ku Fahes, malo oyesera galimoto a kampani ya mafuta ya WOQOD, monga mmene kwathu galimoto imakapimidwira kuti ilandire COF. Dzina lakuti Fahes lichokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza kupima, ndipo mwa zimene amapima muli mabuleki, matayala, utsi ndi nyali. Kwa galimoto ya zaka 40 kapena 50, tsiku limenelo limabwera chaka chilichonse osaphonya. Chifukwa chake wanzeru amapita kukafunsa asanagule, amasunga nyali zake zakale m'bokosi osazitaya, amasunganso mapepala a nyali zatsopano, ndipo amapewa mitundu ya buluu ndi yofiira kutsogolo, imene ndi ya apolisi ndi ambulansi. Alipo ena amene amabwezera mababu oyenera pa tsiku la kupimidwa lokha, nawachotsanso madzulo ake. Amenewo ndiwatsutsa poyera, chifukwa amene akumunyenga si wopima uja ayi, koma munthu wosadziwika amene adzakumana naye usiku pa Salwa Road, atanyamula ana ake kumbuyo. Ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ntchito yotsiriza, imene ambiri amaiiwala ngakhale siilira ndalama, ndiyo kulunjikitsa nyali. Galimoto iimikidwe pamalo osalala, mamita 10 kuchokera pa khoma, matayala atapopedwa bwino ndipo munthu atakhala pa mpando wa woyendetsa. Muyeze kutalika kwa pakati pa nyali kuchokera pansi, mulembe mzere pa khoma pa msinkhu womwewo, ndipo muyatse dimu. Kwa galimoto zambiri zazing'ono mzere wa kuwala uyenera kugwa pafupifupi masentimita 10 pansi pa mzere wanuwo, ndipo kwa zazitali monga Land Cruiser utsikepo pang'ono kuposa apo. Mbali yokwera ija iloze kumanja ngati muli ku Doha, kumanzere ngati muli ku Lilongwe. Kuseri kwa mkombero wa nyali kuli tizomangira tiwiri, kena kokweza ndi kutsitsa, kena kopotolera uku ndi uku. Nyali yoloza pansi kwambiri ilinso ndi ngozi yake, pakuti galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse, ndipo ngamira kapena munthu woonekera mochedwa sapereka nthawi yoganiza. Ndipo ngakhale nyali zitakonzedwa bwino chotani, mabuleki a galimotoyo akali a zaka zake zomwezo, motero liwiro la usiku litsate mabuleki, lisatsate kuwala.

Inu owerenga a kwathu, mwina mulibe galimoto ya m'nyumba yosungiramo zakale, koma Peugeot 504, Land Rover ndi Hilux zokalamba zikali kuyenda pa msewu wa M1, kumene kulibe nyali za m'misewu zonga za ku Doha, ndipo m'mphepete mwake muli apanjinga, ngolo za ng'ombe ndi amayi ochokera kuchigayo. Mababu oyera aja afika kale m'misika yathu, ndipo amene amayenda usiku pakati pa Dedza ndi Ntcheu akudziwa mmene amathobwera m'maso. Ngati mwagula galimoto kapena nyali zochokera ku maiko a Aarabu kapena ku America, onani ngati kuwala kwake kukukwera mbali yoyenera msewu wathu. Ndikupemphani kuti usiku uno, musanagone, muimike galimoto yanu kutsogolo kwa khoma la nyumba, muyatse dimu, mutsike, ndipo mukaime mamita 20 patsogolo pake, pamene pamaima mnzanu.